Shopu ya nsomba za m'galasi ija: milamba yawo ndiyolimbadi, koma zoti "sizifa" musamvere

Patha chaka ndi miyezi itatu chigulireni thanki ya nsomba ija ku Lilongwe, ndipo anthu akhala akundifunsa, ena kuntchito ena potuluka mtchalitchi, kuti kodi shopu imeneyo ndiyodalirika, nsomba zake zimakhalitsa, nanga nkhani ya mlamba unagona pa simenti usiku onse ija ndiyoonadi. Nde ndati bola ndilembe kamodzi zonse zomwe ndaona ndi maso angawa. Dzina la shopu sinditchula chifukwa muli zina zomwe ndidandaule mmenemu, komanso mnyamata amagulitsamoyo ndi wa mtima wabwino, sindikufuna wina akamunyoze. Ndi kashopu kakang'ono basi, mashelefu awiri a mathanki a galasi, zakudya za nsomba, timapampu, ndi makola a mbalame pakona.

Ine ndimakhala pa boma pa Dedza pompano, mmunsi mwa phiri. Izi ndikuzitchula koyambirira chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Tawuni yathuyi ili pokwera mamita pafupifupi 1,600, amene anagonapo kuno mu Juni akudziwa mmene madzi a mu ndowa amalumira zala mmamawa. Munthu wogulitsa nsomba ku Lilongwe akamati izi sizivuta amakhala akunena za ku Lilongwe konko, za kuno sazidziwa.

Anayambitsa ndi mwana wanga wamkazi, anaona thanki kwa azakhali ake ku Area 25 pa holide nde chibwerereni nkhani inali yomweyo, pa nsima yomweyo, pogona yomweyo. Nditapeza kangachepe ndinapita. Mtengo sindilemba, kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44% mu Novembala 2023 zinthu zochokera kunja mtengo wake sukhala malo amodzi, mukafunse nokha. Ndinatenga thanki ya malita 60, pampu yokhala ndi fyuluta yake, timiyala ta pansi, tinsomba ta michira ya mitundumitundu tomwe amati guppy tisanu ndi kamodzi, ndiye ndikulipira mnyamata uja anati, "Abwana, osachoka opanda za pansi izi. Iyi ndi milamba ya kunja, imakolopa thanki yokha, ndipo sizifa izi olo mutatani, olo magetsi azime sabata." Anandionetsa pleco, wakuda wa madontho, thupi lolimba ngati lavala chikopa cha ng'ona, kukamwa kuli kunsi atamata pa galasi ngati kapira. Anali wautali ngati chala changa cha mkombaphala. Anandionetsanso tina tonenepa tofupika ta ndevu tomwe amati Corydoras, iye amangoti ma cory. Ndinatenga pleco mmodzi ndi tima cory tinayi.

Kulongedza analongedza bwino, izi ndimuyamikire. Nsomba iliyonse mtundu wake mu jumbo yake, madzi pang'ono mpweya wambiri, kumanga ndi labala, zonse mu katoni. Koma ulendo wa makilomita 85 womwe umatenga ola ndi theka unatenga maola asanu, minibasi inafa titangodutsa pa Nathenje ndipo tinakhala padzuwa kudikira ina. Pofika kunyumba mdima utagwa kutsegula katoni pansi ponse panyowa, jumbo ya pleco yaphwa, minga ya pa zipsepse zake inaboola pulasitiki madzi onse anatha kalekale. Anali atangogona mu jumbo yonyowa chabe osagwedera. Mwana anayamba kulira. Ndinamuika mu beseni, anamira ngati mwala, patapita mwina mphindi ziwiri ndinaona kukamwa kukuyenda, kenako anakwawa nkukamata mbali mwa beseni ngati palibe chachitika. Apa nde ndinakhulupirira mawu onse a mnyamata uja, ndipo kukhulupirira kumeneko ndi komwe kunadzandiphetsa nsomba zina patsogolo.

Chomwe chimachitika ndi ichi, ndinachita kufufuza pambuyo pake. Nsomba zambiri zimapumira zofiira zija zili mmbali mwa mutu, zomwe timachotsa pokonza ndiwo, ndipo zimenezo zimagwira ntchito mmadzi mokha, zikatuluka zimamatana nsomba nkubanika. Koma pleco ndi ma cory kwawo ndi ku South America, m'mitsinje ndi m'zithaphwi zomwe nthawi ya chilimwe zimaphwa, madzi nkutsala ofunda opanda mpweya okwanira. Nde zimatha kumeza mpweya wapamwamba. Pleco amaumezera mmimba, chifu chake chili ndi timitsempha ta magazi tambiri totenga okosijeni. Ma cory amaumezera m'matumbo, mpweya otha ntchito nkutulukira kumbuyo. Mukakhala pafupi ndi thanki mudzaona kacory kakuthamanga kuchoka pansi ngati muvi, kugunda pamwamba pa madzi, nkubwerera pansi nthawi yomweyo. Mwana wanga ankati tikusewera, koma ndi kupuma kumeneko. Tikamachita mwa apo ndi apo palibe vuto, koma mukaona tikukwera pafupipafupi tonse dziwani kuti madzi aipa kapena pampu yaima.

Tsopano nkhani ya mlamba. Uwu sunachokere ku shopu, ndinene chilungamo, koma zomwe unachita zikukhudza shopuyo chifukwa anandigulitsa thanki yopanda chivindikiro. Ndinafunsa tsiku logula lomwelo, anati chivindikiro ncha fasho chabe abwana, musataye ndalama.

Bambo anga amakhala kumudzi ku Ntcheu, kunsi ku chigwa cha Bwanje, ndipo atamva kuti mdzukulu wawo akuweta nsomba m'galasi anabwera ndi kamlamba kakang'ono, kautali ngati supuni, atakakulunga mu chisaka chonyowa nkuika mu chigubu chodula. Kuchoka mmawa kufika masana, njinga kenako minibasi, mulibe madzi oti nkusambiramo. Ndinati bambo kafatu aka. Anangoti, "Iwe, mlamba ukuudziwa? Thira madzi uone." Anathira, kanayamba kuzungulira. Mdzukulu ndi agogo ake anagwirizana kuti kalowe mu thanki, ine ndinalola, ndipo apa kulakwa kunali kwanga osati kwa wina aliyense. Mlamba umadya chilichonse chokwana kukamwa kwake ndipo umasaka usiku. Pa sabata ziwiri ma guppy awiri anasowa.

Ndiye tsiku lina mbandakucha mayi akunyumba akupita kukasonkha moto anakuwa pabalaza kuti njoka. Ndinadzuka ndi tochi ya pa foni. Pa simenti panali mzere wonyezimira ngati podutsa nkhono, kuchokera pansi pa tebulo la thanki, kuzungulira mwendo wa sofa, mpakana pakhomo lotulukira panja pomwe timaika chisaka chopukutira mapazi. Mlamba unali pamenepo, mutu utalowetsa kunsi kwa chisaka chija, chomwe chinali chonyowa chifukwa mvula inawaza usiku. Thupi lonse fumbi, tsitsi, ka ulusi ka bulangete katamata pa ndevu, msana utauma mpaka khungu lachita makwinya ngati chikwama chakale. Ndinayeza pambuyo pake ndi mapazi, unayenda masitepe anga asanu ndi awiri. Madontho omwe anagwa pa tebulo podumpha anali atauma kale, kusonyeza kuti unatuluka usiku ndithu osati mmawa umenewo. Nditaugwira unali ozizira, olimba, ndinati basi watha, koma chala changa chili pakhosi pake ndinamva kakugunda, kenako unatsegula kukamwa nkutulutsa kaphokoso ngati munthu akumeza malovu. Ndinauika mu beseni la madzi a mu thanki momwemo, osaya oti ungomira msana, nkumachotsa fumbi lija pang'onopang'ono ndi dzanja lonyowa. Unakhala chogona cham'mbali kwa kanthawi, kenako unadzuka, kukweza mutu kumeza mpweya, thovu nkutuluka mmbali mwa mutu. Madzulo ake unadya nyongolotsi.

Amene munang'ambapo mutu wa mlamba waukulu munaonapo kanthu kofiira ka nthambinthambi ngati kamtengo kali mkati chakumwamba kwa zopumira zija. Kameneko ndiye mapapo ake titero. Bola khungu ndi kanthu kameneko zisaume, mlamba umakhala kunja maola ambiri, ndipo umayenda pojinya minga ya zipsepse zam'mbali pansi uku ukupinda thupi. Bambo amati mvula yoyamba ikagwa usiku kumudzi amaitola mu udzu ikusamuka chithaphwi kupita china. Nchifukwa chakenso nyanja ya Chilwa ikaphwa, ngati mu 1968 ndi mu 1995, mlamba umapulumukira m'madambo ndi m'matope a kumathiriro a mitsinje madzi akabwerera nkuchulukananso. Koma tisasokoneze, mlamba ufuna thope lonyowa, likauma gwa umafa. Yomwe imadzikwirira mu dothi louma miyezi nkudikira dzinja ndi ina, ya kuchigwa cha Shire ija amati dowe. Ndipo si nsomba iliyonse ya ndevu ili ndi mphatso imeneyi, kampango alibe, nkholokolo ilibe.

Chomwe anthu sakuuzani ndi zomwe zimabwera pambuyo. Mlamba uja sunafe koma unavutika. Pomwe panauma paja khungu linasupuka, panachita zilonda zoyera mbali yonse ya kumanzere, ndevu imodzi inaduka, ndipo panatenga pafupifupi mwezi ndikusintha madzi tsiku ndi tsiku mu ndowa yakeyake kuti upole. Mlamba ulibe mamba, chomwe chimautchinjiriza ku matenda ndi kuterera kuja, kukachoka umakhala ngati munthu wopsa ndi moto. Nde ndikamamva wina akuti izi sizifa, ndimakumbuka zilonda zimene zija.

Ndinamutumizira mnyamata wa pa shopu zithunzi pa WhatsApp. Anayankha ola lomwelo, ndipo iyi ndi mbali ina yomwe ndimamupatsa ulemu, foni amayankha olo Lamulungu, sakuthawa ukagula kale. Anapepesa za chivindikiro. Ndinakadulitsa galasi kwa odula magalasi a mawindo pa msika pompano, ndi kampata pakona kodutsa waya. Musatseke thanki yonse mpaka madzi kugunda galasi, siyani mpata wa zala ziwiri kapena zitatu pakati pa madzi ndi chivindikiro, nsomba zomeza mpweyazi zimafuna pokapumira.

Dandaulo langa lalikulu ndi la hita. Ndinafunsa, ndikukumbuka bwinobwino, kuti kwathu ndi ku Dedza kumazizira, sipafunika chotenthetsera madzi? Anati Malawi ndi dziko lotentha abwana, hita ndi ya azungu a ku Ulaya. Ndinagula mu Marichi nde mpaka Epulo zonse zinali bwino. Meyi kumapeto nsomba zinayamba ulesi, chakudya kumangotsala pansi. Juni atalowa ndi nkhungu yake ija yophimba phiri mpaka 10 koloko, magetsi anazima masiku awiri otsatizana, pampu zii. Ma guppy anayi otsala aja ndinawapeza atayandama mmawa wa tsiku lachiwiri. Ma cory anali moyo, akukwera kumwamba mowirikiza, pleco ali pakona mutu watulukira pang'ono pamwamba pa madzi. Pamenepo mawu a mnyamata uja anakwaniritsidwa, za pansi sizinafe ndi kuzima kwa magetsi. Koma nditabwereka choyezera kutentha madzi anali pa madigiri 15, pomwe nsomba zimenezi zimafuna pakati pa 23 ndi 27. Kumeza mpweya kumathandiza pomwe okosijeni wachepa, pa chisanu sikuthandiza kanthu. Patangotha masiku ochepa pleco ndi ma cory anatuluka timadontho toyera thupi lonse ngati wina wawaza mchere, nkumadzikhula pa miyala. Ndi matenda obwera ndi kachilombo kokhala pakhungu, ndipo amagwira kwambiri nsomba zikafooka ndi kuzizira.

Nditamuimbira anati thirani mchere wambiri. Ndinathira. Mmawa mwake kacory kamodzi kanafa. Ndinadzamva mochedwa kuti ma cory ndi pleco sapirira mchere wambiri ngati nsomba zina, ofunika kusamala nawo kwambiri muyezo. Zinandipweteka chifukwa aka kanali komwe mwana ankakakonda, kanali ndi kadontho pa mchira. Anakakwirira yekha kuseli kwa nyumba pafupi ndi mapichesi.

Chomwe chinapulumutsa zotsalazo ndi hita ya 100W yomwe ndinachita kutumiza munthu kukagula, kukweza kutentha pang'onopang'ono osati kamodzi, kusintha gawo la madzi masiku awiri aliwonse, ndi mankhwala a timadontho toyera pa theka la muyezo. Kwa anzanga a ku Dedza, Bembeke, Lizulu, Tsangano ndi konse kozizira, magetsi akazima mu chisanu fundikani thanki ndi bulangete mbali zonse, wiritsani madzi pa mbaula muthire m'mabotolo a pulasitiki otseka bwino nkuwayandamitsa mu thanki, osathira madzi otentha mwachindunji. Kulinso timapampu ta mpweya toyendera USB, pa power bank kamagwira usiku onse, shopu yomweyi imagulitsa ndipo kanga kakugwirabe mpaka lero. Hita pa batire ya sola yaing'ono musayerekeze, imamaliza moto msanga. Ndipo masiku amenewo chepetsani chakudya, zotsala zikaola ndi zomwe zimawononga madzi.

Za madzi a pa mpopi anandiuza zoona, kuti muli klorini ndiye ndiziwasiya mu ndowa yosavindikira tsiku lathunthu ndisanathire. Koma sanandiuze kuti thanki yatsopano siyenera kudzazidwa nsomba tsiku limodzi. Zonyansa za nsomba zimatulutsa amoniya yemwe ndi poizoni, ndipo tizilombo tabwino tomusandutsa kukhala chinthu chosaopsa kwambiri timatenga sabata zinayi mpaka zisanu ndi imodzi kuti tichulukane mu siponji ya fyuluta. Nchifukwa chake siponji ija osaichapa ndi sopo kapena pa mpopi, muziifinya mu madzi omwe mwachotsa mu thanki. Ine zanga zinadutsa nthawi imeneyo chifukwa choti ndi zolimbazo basi.

Za pleco wokolopa thanki, theka ndi zoona. Ndere za pa galasi amadyadi, mmawa galasi limakhala mbee. Koma manyi a nsomba zinzake sadya ngati mmene ena amanenera, ndipo iye mwini amatulutsa ochuluka kuposa onse, zingwe zitalizitali pansi ponse. Ndere zikatha amafuna chakudya chake, ine ndimamuikira kachidutswa ka nkhaka kapena dzungu lofutsa pang'ono nditabaya pa foloko kuti limire, mmawa nkuchotsa chotsala. Ndipo amakula. Uja anali ngati chala pano wadutsa masentimita 20, mtundu umenewu umafika 30 mpaka kupitirira 40, thanki ya malita 60 yamuchepera kale potembenuka amagwetsa zonse. Izi ofunika kumuuza munthu asanalipire. Ma cory nawo amakonda kukhala gulu, asanu ndi mmodzi kupita mtsogolo, ndipo pansi pamafunika mchenga osalala chifukwa timiyala takuthwa tomwe anandigulitsa tinkawadula ndevu pofukula. Ndinasintha ndi mchenga wa kumtsinje osefa ndi kutsuka bwino, ndevu zinameranso.

Pali china chomwe ndinamupempha mnyamata uja kuti aziuza aliyense ogula, ndipo ndikupemphaninso inu. Pleco akakukulirani musakamutaye mu mtsinje kapena mu damu. Kulimba komwe tikukuyamikiraku ndi komwe kwasautsa maiko ena. Ku Philippines mtsinje wa Marikina unadzaza ndi ma pleco ochokera m'mathanki a anthu, amakumba mauna m'magombe ndi kuwononga maukonde a asodzi. Ku Florida mlamba wa ku Asia unabwera ndi ochita malonda a nsomba za m'galasi m'zaka za m'ma 1960, unathawa m'maiwe nkumayenda pamtunda mvula ikagwa mpaka kufalikira. Wina anganene kuti kuno chisanu chimupha, koma Linthipe wathuyu akuyambira kuno kumtunda nkukathira m'nyanja ku Salima komwe ndi kotentha, ndipo ndi umodzi mwa mitsinje yomwe mpasa imakwera kukaswana. Sindingafune kuti chidzayambire pa thanki ya pabalaza panga. Mnyamata uja anavomera kuti wanga akafika posakwana ndikamubweze, ali ndi thanki yaikulu kuseli.

Chimandiwawanso nchoti mu shopu monse munalibe nsomba ya m'nyanja yathu olo imodzi, pomwe mbuna ndi nkholokolo zathu anthu akunja amaziweta m'magalasi mwawo, ndipo ku Senga Bay malemu Stuart Grant anayamba kuzitumiza kunja kuyambira m'ma 1970. Ndinamufunsa anati ogula amafuna za kunja. Mwina, koma ine ndikanakonda mwana wanga adziwe nkholokolo yamoyo, aone mmene imakhwimitsira minga yake ndi kulira kwake kuja ukaigwira, osati kungoidziwa ili pa nsima.

Nde funso loti mukagule kumeneko kapena ayi, ine ndikuti kagulani. Galasi lake ndi labwino silinadonthepo, pampu ikugwirabe, nsomba zake zimabwera zathanzi, ndipo munthu wake ndi wofikirika, kacory kanafa kaja anandipatsa kena ulere osachita kukangana. Pa nyenyezi zisanu ndimupatsa zitatu, ziwirizo zapita chifukwa cha hita, chivindikiro ndi mchere uja. Mukapite mukudziwa kale zomwe mukufuna, mukamuuze komwe mumakhala, ndipo hita ndi chivindikiro mukatenge tsiku lomwelo olo akuuzeni kuti nzosafunika. Ulendo watha ndinapeza wayamba kuika zivindikiro pa mathanki ogulitsa, ndipo ndinamumva akufunsa mayi ena kuti kwanu ndi kuti, kumazizira?

Mlamba uja utapola ndinaubwezera kwa bambo mu Ogasiti, mu chigubu chomwe chija koma ulendo uno ndi madzi. Anauika mu kadamu kawo ka kudimba komwe amathiramo gaga ndi zotsala za nkhuku, kumeneko nkotentha ukukula msanga. Pa Khrisimasi tinapita, mwana anakhala mmbali mwa damu mpaka dzuwa kupendeka kudikira, ndipo utabwera pamwamba kudzameza mpweya anauzindikira ndi ndevu yoduka ija. Agogo ake amulonjeza kuti umenewo sudyedwa. Loweruka likubwerali ndikupitanso ku Lilongwe kukatenga tima cory tiwiri kuti tikwane 6, katoni ndi kabulangete kokutira ndaika kale pakhomo, ndipo ndikamuuza aike majumbo awiriawiri chifukwa cha minga ija.